Kusaka nyumba imene inasunga agogo pa nkhondo: momwe ntchito ikuyendera

Febuluwale. Zomwe zili m'manja

Cholinga n'chimodzi: kupeza nyumba ya kumpoto kwa Wales imene malemu agogo, obadwira ku Liverpool mu 1931, anakasungidwako ali mwana pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Maina a anthu ndi dzina la mudzi sitilemba muno. M'nyumba za kumeneko muli eni ake, ndipo adzukulu a mabanja amene anasunga ana aja alipo.

Tiyambe ndi mmene msamukowo unayendera, chifukwa ndi umene ukulozera kokafufuza. Poopa kuti mizinda iphulitsidwa ndi mabomba, boma la Britain linagawa dziko patatu: madera ochotsako ana, madera olandira, ndi ena apakati amene sankachotsa kapena kulandira. Pa 1 Sepitembala 1939, kutatsala masiku awiri kuti Britain ilengeze nkhondo, sitima zinayamba kutulutsa anthu m'mizinda ikuluikulu, ndipo m'masiku ochepa anthu pafupifupi 1.5 miliyoni anali atasamuka. Oposa 800,000 mwa iwo anali ana a sukulu opanda makolo awo. Sankayenda banja ndi banja ayi, ankayenda sukulu ndi sukulu, aphunzitsi awo ali pomwepo. Akafika, wogawa malo wa khonsolo ndiye ankawapereka m'makomo. Banja losunga mwana mmodzi linkalandira masheleni 10 ndi mapeni 6 pa sabata, losunga awiri kapena kuposa linkalandira masheleni 8 ndi mapeni 6 pa mwana aliyense.

Mndandanda wa dziko lonse wa ana osamutsidwa kulibe. Ku The National Archives, kosungira zolemba za boma ku Kew, kuli mafayilo a ndondomeko ya boma, osati maina a ana. Mabuku a ogawa malo anali m'manja mwa makhonsolo ang'onoang'ono, ndipo m'madera ambiri sanasungidwe. Choncho mwanayo sasakidwa mwachindunji. Chosakidwa ndi khomo limene linamulandira.

Banja la agogowa, limene tikulifufuzira, latipatsa zinthu zitatu. Choyamba ndi kachithunzi kakang'ono kopanda mtundu, kosalembedwa kanthu kumbuyo: ana awiri aima patsogolo pa nyumba ya miyala yopaka laimu. Chachiwiri ndi khadi lakale lachipatala la NHS, bungwe la zaumoyo la boma la Britain. Chachitatu ndi zimene agogo ankasimba: nyumbayo dzina lake munali mawu oti Bryn, madzi ankatunga pa kapaipi kotuluka m'phiri, panali ng'ombe, ndipo bambo wapakhomopo ankagwira ntchito ku mgodi wa miyala ya sileti, yofolera nyumba. Dzina la banja lowasungalo ankalitchula, koma ndi limodzi mwa maina aja odzaza kumpoto kwa Wales konse, Jones, Williams, Roberts, Hughes. Kusaka nalo kuli ngati kufika ku Kasungu n'kumafunsa kwa a Phiri.

Malichi. Kaundula wa 1939

Makalembera a nthawi imeneyo satithandiza. Wa 1931 wa England ndi Wales unapsa ndi moto ku Hayes mu 1942, ndipo mu 1941 kalembera sanachitike. Chotsala ndi kaundula amene boma linalemba pa 29 Sepitembala 1939 kuti lipereke zitupa ndi mabuku ogulira chakudya, wotchedwa 1939 Register. Muli anthu pafupifupi 40 miliyoni a ku England ndi Wales. Ku Kew ali m'gulu la RG 101, ndipo zithunzi zake zili pa masamba a pa intaneti a Findmypast ndi Ancestry. Ubwino wake pa ntchito yathu ndi tsikulo: ana anali atatha milungu inayi kumidzi, ndiye analembedwa kumene ankagona, osati kwa makolo awo.

Kulemba dzina la agogo pofufuzira sikunatulutse kanthu, ndipo zimenezo tinkaziyembekezera. Mzere wa munthu amene sanakwane zaka 100 chibadwire umaphimbidwa ndi inki yakuda, pokhapokha patakhala umboni woti anamwalira, ndipo dzina lophimbidwa silikhala mu mndandanda wofufuzira. A NHS anapitiriza kulemba m'mabuku amenewa mpaka 1991. Agogo anamwalira chakacho chitadutsa kale, mzere wawo unali ukadali wotseka.

Khadi lachipatala lija ndilo latsegula njira. Aliyense wolembedwa mu 1939 anapatsidwa nambala ya magawo atatu: zilembo zinayi za dera la wolemba kaundula, nambala ya khomo, ndi nambala ya munthuyo pakhomopo. Zitupa zitathetsedwa mu 1952, nambala yomweyo inapitirira kukhala nambala ya NHS kwa zaka zambiri. Munthu amene anali pa msamuko pa 29 Sepitembala 1939 ankayenda ndi adiresi ya kumudzi kuja m'chikwama, mwina osadziwa n'komwe. Nambala ya agogo imathera pa 5, kutanthauza munthu wachisanu pakhomo. Zilembo zinayizo taziika pa gawo lotsegulira kaundula dera ndi dera, ndipo zatifikitsa ku Gwyrfai Rural District, m'boma la Caernarvonshire. Kalembedwe ka dzina la bomali musakaphonye: mabuku a nthawiyo amalemba Caernarvonshire ndi v, akale kwambiri amalemba Carnarvonshire, ndipo kuyambira mu 1974 deralo lili mu Gwynedd.

Njira imeneyi ili ndi malire. Amene anataya chitupa n'kupatsidwa china, kapena amene analembetsa mochedwa, nambala yake ikhoza kukhala ya mtundu wina yosalozera tsamba lililonse.

Pa nambala ya khomolo tapeza mizere isanu. Woyamba ndi bambo wogwira ntchito ku mgodi wa sileti, wachiwiri ndi mayi wolembedwa kuti ntchito zapakhomo zosalipidwa, wachitatu ndi mayi wachikulire wamasiye, ndipo iwiri yomaliza ndi yakuda. Kaundulayu sanena ubale wa anthu pakhomo, sanenanso kobadwira, ndiye mizere yakuda payokha siitsimikiza kuti ndi ana osamutsidwa. Akhoza kukhala ana a eni nyumba. Tatumiza satifiketi ya imfa ya agogo kuti mzere wachisanu utsegulidwe. Satifiketiyo iyenera kukhala yeniyeni ya boma, pulogalamu ya maliro kapena chithunzi cha pamanda osunga kaundulayo salandira.

Epulo. Nyumba yapezeka, koma si ya pa chithunzi

Mzere watseguka. Dzina lobadwa nalo la agogo lili lokhwatcha, pamwamba pake palembedwa ndi inki ina dzina la kubanja kwawo, umboni woti a NHS anakonza agogo atakwatiwa. Tsiku lobadwa likugwirizana. Mzere wachinayi, umene tikuuganizira kuti ndi wa mlongo wawo, udakali wakuda.

Vuto ndi adiresi. Ndi nyumba ya mu mzere wa nyumba zolumikizana m'mudzi wa anthu a ku mgodi, khomo lake loyang'ana pa msewu. Mawu oti Bryn mulibe, ndipo pa mapu palibe khola, palibe munda. Ya pa chithunzi ili payokha, kumbuyo kwake kuli phiri.

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Kaundula wa 1939 amanena za usiku umodzi basi. Ana ankasinthidwa makomo kawirikawiri: mayi wosunga wadwala, m'nyumba mwabadwa khanda, kapena sakumvana. Ana ambiri a ku Liverpool anali Akatolika pamene midzi ya ku mgodi inali ya matchalitchi a Chimethodisti ndi ena otero, olankhula Chiwelsh, ndipo zimenezi zinkabweretsa kukokanakokana. Kuwonjezera apo, mabomba atachedwa kugwa, makolo anayamba kudzatenga ana awo, moti pofika kumayambiriro kwa 1940 ambiri anali atabwerera kwawo. Msamuko unadzachitikanso mabomba atayamba. Ku Merseyside, dera la Liverpool, usiku usanu ndi uwiri wotsatizana, kuyambira pa 1 mpaka 7 Meyi 1941, kunafa anthu oposa 1,700. Mwana mmodzi akhoza kukhala ndi misamuko iwiri ndi makomo atatu, koma akamasimba atakalamba zonsezo zimasanduka nyumba imodzi.

Nyumba ya mu mzereyi tailemba ngati yotsimikizika ya Sepitembala 1939. Ya pa chithunzi ikusakidwabe.

Meyi. Mabuku a sukulu

Sukulu iliyonse inali ndi mabuku awiri ofunika kwa ife. Log book ndi ya mphunzitsi wamkulu, yolembamo zochitika: kwafika ana angati, ochokera sukulu iti, aphunzitsi angati, aphunzirira kuti. Maina a ana samapezekamo kawirikawiri. Buku lolembetsera ana ndilo lili ndi dzina, tsiku lobadwa, tsiku loyamba, dzina la kholo kapena womusunga, adiresi, sukulu imene wachokera, tsiku lochoka ndi chifukwa chake. Mabuku a sukulu za deralo amasungidwa ku Caernarfon Record Office, nthambi ya Gwynedd Archives. A sukulu za ku Liverpool ali ku Liverpool Record Office, mu Central Library pa William Brown Street. Kufunsa mbali imodzi yokha n'kulakwitsa.

Chifukwa chake ndi ichi. Mu 1939 masukulu ambiri osamutsidwa anakhalabe paokha ndi aphunzitsi awo ndi mabuku awo. Kwina ankasinthana makalasi, eni mudzi m'mawa, alendo masana. Kwina alendowo ankaphunzirira m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi. Ana otero m'buku la sukulu ya m'mudzi mulibe. Log book ya sukulu yathuyi ikunena zomwezo: gulu la ku Liverpool linafika sabata yoyamba ya Sepitembala n'kupatsidwa chipinda cha tchalitchi, ndipo pofika Isitala wa 1940 otsala anali ochepa kwambiri.

Buku lolembetsera ana silitsegulidwa kwa aliyense, chifukwa muli anthu amene akhoza kukhala moyo. Zaka zotsekera zimasiyana malo ndi malo. Chimene chimatheka n'kulemba kalata yopempha kuti wosunga mabuku akuonereni mzere wa munthu mmodzi. M'kalatamo tinaikamo maina onse a mwanayo, tsiku lobadwa, sukulu ya ku Liverpool, zaka 1939 mpaka 1945, satifiketi ya imfa, ndi masukulu atatu a m'deralo amene tinawatenga pa mapu, chifukwa mwana wa ku munda wa kuphiri sankapita kwenikweni ku sukulu ya pakati pa mudzi.

Yankho labwera kuchokera m'buku la sukulu yaing'ono ya kumtunda. Agogo analembetsedwa mu Meyi 1941 n'kuchoka mu 1943, chifukwa chake chalembedwa kuti abwerera ku Liverpool. Wowasunga ndi mayi wa dzina lija agogo ankatchula, ndi chilembo chimodzi cha dzina loyamba. Adiresi ndi dzina la kamunda lothera ndi bryn. Zikumbukiro za agogo zinali zoona, koma zinali za ulendo wachiwiri. Bambo wa ku mgodi akhoza kukhala wa nyumba iliyonse mwa ziwirizi, popeza kumeneko amuna ambiri a m'timinda ankagwiranso ntchito ku mgodi, ng'ombe zikusamalidwa ndi mayi ndi ana.

Juni. Nyumba ziwiri, dzina limodzi

Kumidzi ya ku Wales nyumba zilibe manambala, zili ndi maina, ndipo mainawo amabwerezedwa: Pen-y-bryn, Tan-y-bryn, Ty'n-y-bryn. M'parishi yathuyi muli timinda tiwiri ta dzina lomwelo, kena kumunsi pafupi ndi mtsinje, kena kumtunda m'mphepete mwa msipu wa m'phiri. Mu kaundula wa 1939 mabanja onse awiri ali ndi dzina lofanana. Pofufuza pa intaneti dzina la nyumba limafuna kuyesa kalembedwe kosiyanasiyana, kokhala ndi timizere, kopanda timizere, kolumikiza, chifukwa okopera kaundulayo ankawerenga zolemba pamanja za chilankhulo chimene ambiri a iwo sankachidziwa. Kutsegula masamba limodzilimodzi kumachedwa koma sikuphonya.

Kuti tidziwe khomo liti lili pamalo ati, tagwiritsa ntchito ndondomeko ya masamba. Makomo amatsatana mu kaundula pafupifupi mmene wolembayo ankayendera. Talemba maina a nyumba zisanu za pamwamba ndi zisanu za pansi pa khomo lililonse, kenako n'kuwaika pa mapu. Gulu lina lagwera m'mbali mwa msewu wa kumtsinje, lina lakwera ndi kanjira ka kuphiri. Pa khomo la kumtunda, chilembo cha m'buku la sukulu chikugwirizana ndi dzina la bambo, osati la mayi. Zimenezi sizodabwitsa, akazi okwatiwa ankalembedwa kawirikawiri ndi chilembo cha amuna awo. Pa khomo la kumunsi sichikugwirizana ndi aliyense.

Pakati pa 1939 ndi 1941 anthu akhoza kusamuka, ndiye tafunanso umboni wa mbali inayo. Mabuku a ovota sanalembedwe kuyambira 1940 mpaka 1944, anayambiranso mu 1945. M'buku la 1945 banja lomwelo lidakali pa kamunda ka kumtunda. Alipo mu 1939, alipo mu 1945, ndiye n'zovuta kuganiza kuti mu 1941 anali kwina.

Mapu amene atithandiza kwambiri ndi a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu, a mainchesi 25 pa mailo imodzi, amene National Library of Scotland inaika pa intaneti mwaulere, a England ndi Wales omwe. Amaonetsa maonekedwe a nyumba iliyonse, makola, mipanda, nambala ndi kukula kwa munda uliwonse, ndi madzi: W pa chitsime, P pa mpope, mawu oti Spout pa kapaipi ka kasupe. Tsambalo limalola kuika mapu akale pamwamba pa chithunzi cha setilaiti n'kumawalitsa pang'onopang'ono. Chenjezo: mapu a madera a kuphiri ngati amenewa ambiri anakonzedwa zaka makumi awiri kapena kuposa nkhondo isanayambe, ndiye khola kapena khonde lomangidwa cha m'ma 1930 silionekamo. Pa kamunda ka kumtunda palembedwa Spout kuseri kwa khola. Ka kumunsi kali ndi W.

Kenako mafayilo a National Farm Survey, kafukufuku wa minda amene boma linachita kuyambira 1941 mpaka 1943 pofuna kuchulukitsa chakudya. Ali ku Kew: mapepala a munda uliwonse mu MAF 32, osanjidwa parishi ndi parishi, ndipo mapu osonyeza malire mu MAF 73. Njira yachidule ndi kuyamba ndi mapu, kutenga nambala ya munda yolembedwa pamanja, n'kupita nayo ku mapepala. Muli dzina la mlimi ndi la mwini nthaka, ziweto ndi mbewu za pa 4 Juni 1941, kumene madzi a m'nyumba ankachokera, ngati panali magetsi, ndi giredi ya mlimiyo, A, B kapena C. Kamunda ka kumtunda kalimo: mlimi ndi wobwereka malo, ali ndi ntchito ina kunja kwa ulimi, ng'ombe za mkaka ziwiri, madzi a mu kamtsinje, magetsi palibe. Tsiku la pa 4 Juni likugwera milungu yochepa agogo atafika, ndiye ng'ombe ankasimba ija iyenera kuti ndi imodzi mwa ziwirizi.

Ka kumunsi mulibe m'mafayilowa, koma kusowako si umboni. Kafukufukuyo ankatenga minda ya maekala 5 kupita m'mwamba, ndipo pa mapu kamundako n'kochepera apo. Ng'ombe kakhoza kuti kanali nayo.

Julayi. Kuyerekeza chithunzi

Kachithunzi kaja takajambula pa sikana pa madontho 1,200 pa inchi, osakonza kuwala kapena kuchotsa timadontho, chifukwa mapulogalamu okongoletsa zithunzi amafufuta mizere ya miyala imene tikuifuna. Zooneka ndi izi: khomo pakati, zenera limodzi mbali iliyonse, machumuni awiri kumapeto kwa denga, khola lolumikizana ndi nyumba kudzanja lamanja la woyang'ana, denga lake lotsikirapo. Patsogolo pa ana pali mpanda wa miyala ya sileti yopyapyala, yoimikidwa m'nthaka ndi kumangidwa ndi waya pamwamba, umene eni dera amautcha crawiau. Kumbuyo, chakumanzere, kuli mulu wa zinyalala za mgodi, pamwamba pake pali see ngati tebulo.

Mawindo, zitseko, denga, pulasitala, zonsezi zimasinthidwa, ndipo pa nyumba zambiri zotere khola linasanduka khitchini kapena chipinda cha alendo. Zosasintha msanga ndi malo a machumuni, kutalika kwa nyumba poyerekeza ndi khola, mbali imene nyumba yayang'ana, ndi mzere wa phiri kumbuyo. Ngakhale mzere wa phiriwo sitingaudalire kotheratu kudera la migodi: milu ina inagumulidwa migodi itatsekedwa (Dinorwig unatsekedwa mu 1969, Dorothea mu 1970), ndipo kwina anabzala mitengo ya paini imene yaphimba zonse.

Pa mapu a mainchesi 25, nyumba ya kumtunda ndi yaitali, ili ndi kamzere kogawa nyumba ndi khola, ndipo khola lili kumanja ukaima kutsogolo kwake. Ya kumunsi ndi yokhota ngati L, khola lili padera. Mzere wojambula pa mapu kuchokera pabwalo la nyumba ya kumtunda, kudutsa pa chumuni cha kumanzere, ukukagwera pa mulu wa mgodi wolembedwa pa mapu omwewo. Chimodzi tinayenera kuchitsimikiza tisanakhulupirire za kumanja ndi kumanzere: zithunzi zina zinkatsukidwa filimu itatembenuzika. Jekete la mnyamata pa chithunzicho lamangidwa mbali ya kumanzere pamwamba pa ya kumanja, monga zovala za amuna zimakhalira, ndiye chithunzi sichinatembenuke.

Street View, zithunzi za m'misewu za Google, imathera pa msewu wa tala, kanjira kokwera ku nyumbayo sikalipo. Chithunzi cha setilaiti chikuonetsa denga lalitali lomwelo ndi chipinda chatsopano kumbuyo. Tapempha zithunzi za m'mlengalenga zimene a RAF, asilikali a ndege a Britain, anajambula m'ma 1940, zosungidwa ku Royal Commission on the Ancient and Historical Monuments of Wales ku Aberystwyth, kuti tione mulu uja mmene unalili.

Pomwe tafika ndi apa. Buku la sukulu, kaundula wa 1939, buku la ovota la 1945, mafayilo a minda ndi mapu zonse zikuloza nyumba ya kumtunda ngati kumene agogo anakhala kuyambira 1941 mpaka 1943. Chimene sichinatsimikizike n'choti chithunzi chinajambulidwa pomwepo. Nyumba zomangidwa motere n'zambiri m'phiri limenelo, ndipo ana ankajambulidwanso kwa anansi.

Ogasiti. Zotsala

Dzina la mwini nyumba wa lero limapezeka ku HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa malo, pa £7, ngati malowo analembetsedwa. Kumidzi si onse: lamulo lokakamiza kulembetsa linafika dera lililonse la England ndi Wales mu 1990, ndipo munda umene sunasinthe mwini chiyambire nthawiyo ukhoza kusapezeka. Ifeyo sitinaone chifukwa chofunira dzinalo. Kalata yolembera wokhala m'nyumbamo ikukwana.

Kalatayo yapita, tsamba limodzi, m'Chingerezi ndi moni wa Chiwelsh pamwamba, popeza Chiwelsh ndicho cholankhulidwa m'makomo ambiri kumeneko. Muli kope la chithunzi, zaka zimene agogo anakhalako, envelopu ya sitampa yoyankhira, ndi pempho limodzi lokha: atijambulireko kutsogolo kwa nyumba ataima pabwalo, chumuni cha kumanzere ndi phiri zikuoneka. Za kulowa m'nyumba sitinapemphe, ndipo talangiza banja kuti lisakagogode popanda kuitanidwa. Akapanda kuyankha, pa mapu a Ordnance Survey otchedwa Explorer a 1:25,000 pali njira ya anthu onse oyenda pansi yodutsa kumunsi kwa mpanda, ndipo kujambula uli pa njirayo n'kololedwa.

Kope lina la chithunzi lipita ku kanyuzipepala ka Chiwelsh ka m'deralo. Timanyuzi totere, monga Lleu ndi Eco'r Wyddfa, timawerengedwa ndi achikulire amene amadziwa nyumba ndi maina ake akale. Mzere wachinayi wa kaundula wa 1939 ukudikira satifiketi ya imfa ya mlongo wa agogo, imene taitanitsa ku General Register Office, ofesi ya boma yopereka masatifiketi amenewa. Ukatseguka, tipempha wosunga mabuku ationerenso m'buku la sukulu ya kumtunda ngati mnyamatayo analembetsedwa pa adiresi yomweyo mu 1941.